Amatsala ndi Wailesi

Lolemba, 3 Juni

Kuzizira kwayamba. Ana abwera atavekedwa majuzi awiriawiri, mamina ali chuchuchu, ndipo m'mawa wonse ndathera kupukuta mphuno. Maphunziro onse aja kuti ndidzakhale wopukuta mphuno za eni, koma abale.

Miyezi yapitapo ndithu chiyambire ntchito pasukulu ya mkaka ino, koma mpaka lero ndine “Anti atsopano.” Kalasi yanga ndi ya ana a zaka zinayi. Masana akagona pa timatilesi tawo, anzanga a kuntchito amakadyera pamodzi kukhitchini, kuseka kwawo kumamveka mpaka kuno. Wina ayenera kutsala ndi ana ogonawo, ndipo winayo ndine amene, tsiku ndi tsiku. Ndimadyera pa kampando ka ana, mawondo ali kukhosi.

Mmodzi yekha ndiye sagona. Timamutchula Kamayi. Kamtsikana kowonda, ka maso akuluakulu, kosalira ngakhale kagwe pakonkire. Anzake akayamba kuliza mkonono iye amangokhala tsonga, maso ali kukhomo. Anti a makanda, amene amasamala chipinda cha ana oyamwa, anaona kalekale kuti mwanayu amatha kutonthoza khanda kuposa ife akuluakulu. Ndiye masana aliwonse amabwera: “Tandibwerekani wantchito wanga.” Amakamukhazika pakati pa timabedi ta makanda, iwo n'kudumphira kukhitchini kukadya ndi anzawo, poti makomo ake ndi oyandikana. Amadamu, eni sukulu, amanyadira kwabasi. Alendo akabwera amamuloza: “Uyu ndiye adzalowe m'malo mwanga.”

Lero ndamuona akudonthezera mkaka wa m'botolo padzanja pake kuti aone ngati watentha. Zaka zinayi! Ine pamsinkhu umenewo ndinkadya dothi.

M'tauni yonseyi wondisungira malo ndi mmodzi, mayi ake a Kamayi. Muno ndizingoti Amake. M'mawa amakwera basi ine ndisanakwere, n'kuika chikwama pampando wa pambali pawo mpaka ndifike. “Asisi, kuno!” Amachapa ndi kusita ku hotela ina, manja awo anachita kusweka ndi mankhwala ochapira. Pasiteji ya sukulu ine ndi Kamayi timatsika, iwo amapitirira. Nkhani zathu n'zopanda mutu: mabwana, tsitsi, amuna othawa. Koma tsiku loti sindinawapeze m'basi ndimakhala ngati sindinasukusule.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndawaimbira achemwali anga, osayankha. Ndadya chiimire, ndatsuka mbale yanga imodziyo, ndavundikira. Banja la chipinda choyandikana nane likukangana za rimoti. Ndikuwasirira.

Lachitatu, 5 Juni

Nthawi yosewera Kamayi anatenga chidole chija chopanda mkono n'kuchigoneka pansi pa tebulo. Anatulutsa kampango m'bokosi la zovala zosewerera, anamanga chidolecho mwendo, mbali inayo anamangirira kumwendo wa tebulo. Osati kumanga kwa ana kongopiringiza ayi, mfundo yeniyeni. Atatha analowetsa zala ziwiri pakati pa mpango ndi mwendo wa chidole, n'kugwedeza mutu kuti zili bwino. Kenako anaika kakapu pafupi, anapotokola m'malere ngati akutsegula chinachake, n'kunena ndi mawu a munthu wamkulu: “Usalire, wamva? Wailesi ikucheza nawe. Tibwera pompano.”

Anti a makanda amadutsa ndi ndowa ya matewera. Anaima, anaseka mpaka kugwira khoma. “Iwe Kamayi, mwana wakoyo ndi mbuzi kodi?” Nanenso ndinaseka, ndinakondwanso kuti kamodzi kokha ndaseka limodzi ndi munthu wa pano. Kamayi sanaseke, anangotiyang'ana ngati ana ndife.

Pa tiyi ndinamuona akunyema buledi wake pakati, theka anadya, theka analowetsa m'sokosi. Aka si koyamba. Ndinati, “Ukadyera kunyumba?” Anati, “Ndi wa Dudu.” Dudu ndi mlongo wake wamng'ono. Sindinamuonepo, Amake amati akukwawa tsopano ndipo masana amakhala kwa azakhali ake. Ndamupatsa kapepala kuti azikulungira, buledi wa m'sokosi si zinthu.

Lachinayi, 6 Juni

Chifuwa chandigwira, mphatso ya ana anga. M'basi Amake anandimva ndikutsokomola. Madzulo pobwera kudzatenga Kamayi, akuthamanga monga mwa masiku onse, ananditulutsira mandimu m'thumba la epuloni. “Asisi, mukafera m'kachipinda kanu kaja anthu adzadziwira fungo.” Tinaseka. Koma nditafika kuno n'kutsegula chitseko, mawu amenewo anandikhala pamtima, chifukwa ndi oona.

M'mawa ndinawafunsa za Dudu, ndi azakhali aja kuti ali bwanji. Anati ali bwino onse, n'kulumphira msanga nkhani ya akapitawo awo amene amaunika mashiti ndi tochi kufunafuna banga. Bambo a anawa anachoka Dudu ali m'mimba. Akuti anapita kukasaka ntchito, mpaka lero akusakabe.

Madzi a mandimu ndamwa. Pakhosi payamba kumasuka.

Lachisanu, 7 Juni

Lero zavuta. Mutu ukundiwawa koma ndilembe ndisanaiwale mawu ake.

Masana Anti a makanda anamutenga Kamayi monga mwa nthawi zonse. Sipanapite nthawi ndinamva mzimayi akukuwa. Mayi wa khanda lina anabwera msanga kudzalitenga kuti apite nalo kusikelo, n'kupeza m'chipindamo mulibe wamkulu aliyense. Mwana wake ali pansi, atamangidwa mwendo ndi kansalu kumwendo wa kabedi, Kamayi atakhala pambali akumusisita kumsana. Khandalo silinavulale, limangoseka. Koma mayiyo analusa, ndipo ndani angamunene? Amadamu anatuluka kukhitchini akutafunabe, anapepesa, analonjeza zakumwamba. Mayiyo atapita anamukoka Kamayi dzanja n'kundikankhira: “Tengani kamwana kanu kankhanzaka.” Dzulo lomweli anali wodzalowa m'malo mwawo.

Sanalire. Ndinakhala naye pansi pakona, anzake akugona. Anayamba yekha: “Amakwawira kuchingwe cha ketulo.” Ndinakumbukira zimene anatiphunzitsa kukoleji, kuti mwana usamuike mawu m'kamwa, usadzidzimuke pamaso pake, ungofunsa pang'ono n'kumvetsera. Ndinati, “Umatha kumanga. Anakuphunzitsa ndani?”

“Amami. Dudu timamumanga kubedi tikamachoka, asapite kumbaula. Umalowetsa zala ziwiri kuti isathine.”

“Nanga mukachoka amatsala ndi ndani?”

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. “Ndi wailesi.”

Dzana lomweli ndinaona zonsezi pachidole, ndipo ndinaseka.

Ana atayamba kuweruka ndinalowa mu ofesi ya Amadamu, popeza lamulo la pano limati nkhani zotere zizipita kwa iwo. Anandimvetsera akusanja makiyi. Anati ana amalota ali maso. Ndinati ndiye tiwauze a ofesi yoteteza ana akaone okha, ngati ndi maloto adzatiuza. Pamenepo anadzuka n'kutseka chitseko. “Anthu amenewo akabwera, funso lawo loyamba likhala loti mwana wa zaka zinayi amatani yekha m'chipinda cha makanda. Mukufuna sukulu itsekedwe? Anzanuwa azikadya kwanu?” Kenako mofatsa, ngati akundichitira chifundo: “Anti, inu simunabereke. Simudziwa momwe amayi amavutikira. Musamuonjezere mnzanu mtolo.”

Mawu amenewo ndawamva kambirimbiri, koma amapwetekabe pomwepomwe.

Amake atafika pageti ndinabisala m'chimbudzi cha ana mpaka atapita. Munthu wamkulu ine, kubisala pakati pa timiphika. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake madzulo sacheza, amangothamanga.

Loweruka, 8 Juni

Ndachapa, ndakolopa, ndachapanso zimene zinali zoyera kale. Loweruka Amake amagwira ntchito mpaka masana, ndipo sukulu imakhala yotseka. Ndiye kuti pamene ndimayanika zovala m'nyumba mwawo munali ana awiri okha, wamkulu wake wa zaka zinayi.

Nambala ya a ofesi yoteteza ana ili m'foni mwanga chitulukire kukoleji. Ndaitsegula, ndaiyang'ana, ndatseka. Akakawalanda ana? Akakawamanga? Munthu yekhayo amene amati “asisi, kuno.” Khoswe akakhala pamkhate sapheka, zoonadi. Komanso bwanji ngati mwana wangosakaniza za tsiku limodzi? Ndikudzinamiza, ndikudziwa. Mfundo ija siiphunzirika tsiku limodzi.

Achemwali aimba madzulo, mwamwayi. Ndinawafotokozera zonse. Anati, “Iwe, ntchito wangoipeza kumene. Za eni zisiye, unapita kumeneko kukaphunzitsa ana nyimbo.” Kenako anayamba za denga lawo lodontha mpaka foni inaduka.

Lamulungu, 9 Juni

Ndapita. Ndinanyamula malalanje ngati mlendo wabwino. Amake anandilongosolerapo kale kumene amakhala: mdadada wa zipinda kuseri kwa galaja yokonzera magalimoto, khomo lobiriwira, lakumapeto. Atandiona anakuwa ndi chimwemwe, anapukuta mpando ndi epuloni, anateleka tiyi. Ine manyazi, ngati ndabwera kudzaba.

Chipinda chimodzi, chaukhondo kuposa changa. Bedi, mbaula pakona, ndowa ya madzi, wailesi pawindo. Dudu ndi wa masaya onenepa, mano awiri kutsogolo, anandikwera pamiyendo osandidziwa n'komwe. Pomunyamula kasokosi kanavuka. Pamwamba pa phazi pali mzere wozungulira, khungu lake lotuwa, losalala. Kumwendo wa bedi kunali chingwe cha epuloni, chitapindidwa bwinobwino.

Amake anaona kuti ndaona. Anamutuma Kamayi kukasewera panja.

“Azakhali aja anasamuka mwezi wathawu,” anatero. “Ndinapita naye kuntchito, akapitawo anati ndikadzabwerezanso ndisadzaonekenso. Ndinawapempha Amadamu anuwo, anati chipinda cha makanda n'chodzaza. Ndichite bwanji, asisi? Ndikhale pakhomo tizidya makoma?” Anati mbaula amazimitsa, ndowa amaikweza patebulo, amamuyamwitsa mpaka agone n'kumusiyira kaphala ndi madzi pafupi. Anati ndi mwana wabwino, salira. Ndinati salira, kapena palibe womumva? Anayamba kulira iwowo.

Ndinawauza mosabisa kuti ntchito yanga siindilola kukhala chete, komanso kuti kuli anthu oti angathandize. Anandigwira manja onse awiri ndi manja awo okhakhala aja. “Anthu amenewo amalanda ana. Ndipatseni mpata. Pali amayi ena kuseriku, mawa lomwe ndikamusiya kumeneko, ndalumbira. Ine ndilibe wina, asisi. Ndinu nokha.”

Palibe anandiuzapo mawu otere chibwerere kuno. Anandilowa ngati madzi ofunda. Ndinati chabwino, koma mawa ndithu, osati mkuja. Anandiperekeza mpaka pamsewu, Dudu ali kumsana, Kamayi atandigwira chala. M'basi ndimadziuza kuti ndachita zanzeru, kuti nkhani yatha mwamtendere popanda maofesi. Koma tiyi uja mpaka pano ali pakhosi.

Lolemba, 10 Juni



M'mawa Amake anandisungira malo. Thukuta lili pachipumi, kuzizira konseku, akuti anatsala pang'ono kusiyidwa ndi basi. Ndisanafunse anati, “Ndamusiya kwa amayi aja.” Ndinayang'ana Kamayi, iye amayang'ana pawindo.

Masana Anti a makanda sanabwere kudzamutenga Kamayi, Amadamu aletsa. Anakhala tsonga pamatilesi pake, koma lero maso sanali kukhomo. Amangoyang'ana zala zake, kuzitambasula, kuzipinda. Kenako anabwera pa kampando kanga n'kundinong'oneza: “Anti, lero ndamanga ine. Amami amasaka makiyi.” Anasanjika zala zake ziwiri pa zanga. “Zanga n'zazing'ono. Kaya yathina?”

Mayo ine!

Ndinathamangira pakhomo la kalasi n'kuitana Amadamu mokweza, mpaka kukhitchini kunati zii. Ndinawauza. Ndinati ndipatseni munthu akhale ndi anawa, ine ndithamangireko. Anati munthu palibe, ndipo ndikatuluka pageti ndisabwererenso. Anzanga anaima kumbuyo kwawo, mbale zili m'manja. Ndinacheuka. Ana anga onse ali m'tulo, wina chala m'kamwa, wina mwendo pamimba pa mnzake. Kuwasiya okha kuti ndikapulumutse mwana wosiyidwa yekha? Sizikanatheka. Ndiye ndinatulutsa foni pomwepo, onse akuona, n'kuimba.

Anayankha mayi wa mawu odekha. Ndinatchula dzina langa, sukulu, galaja, khomo lobiriwira. Ndinanena mawu a mwana momwe anawanenera. Anafunsa ngati khandalo lili lokha panopa. Ndinati inde, ndipo lamangidwa ndi mwana mnzake. Anati akunyamuka.

Kenako kudikira. Ana anadzuka, ndinawaveka nsapato, ndinawaperekeza kuchimbudzi pamzere, tinaimba nyimbo zathu zija, ine pakamwa pokha. Kamayi sanandisiye siketi. Anafunsa ngati walakwa. Ndinati ayi, wachita bwino kundiuza, kumanga Dudu sinali ntchito yake.

Chakumadzulo kunabwera galimoto. Munatsika mayi wa ku ofesi uja, wovala magalasi, ndi Amake pambuyo, akadali mu yunifolomu ya kuntchito. Wa magalasiyo ananditengera pambali. Khomo anatsegulitsa kwa eni nyumba. Anamupeza Dudu atazungulirazungulira mwendo wa bedi mpaka chingwe chinafupika, phazi litatupa n'kuda, mawu atatha ndi kulira. Wailesi ikuimba. Panopa ali kuchipatala. Adokotala akuti phazi lipulumuka, koma likanadikira mpaka madzulo sakudziwa.

Amake anamunyamula Kamayi. Podutsa pamene ndinaima anati, osakweza mawu, “Ndinakupukutirani mpando m'nyumba mwanga.” Basi, anakwera galimoto.

Lachiwiri, 11 Juni

M'basi ndaima njira yonse. Mipando inalipo.

Wa magalasi wabweranso, ulendo uno kudzaona sukulu. Funso lake loyamba linali lomwe lija Amadamu analosera. Anandiitana ndekha mu ofesi, anafunsa ngati n'zoona kuti Kamayi amasiyidwa ndi makanda. Ndinati inde, masana aliwonse, ndipo amachokera m'kalasi mwanga ine ndikuona, nthawi zina ndimamuuza ndekha kuti pita akukuitana. Ndinamuuzanso za Lamulungu, kuti ndinaona chingwe ndi maso angawa n'kubwerera kukagona. Sanandikalipire. Anangoti tsiku lina ndisadzadikire. Bola akanandikalipira.

Sukulu sanatseke. Awachenjeza Amadamu, awauza zoti akonze, ndipo adzabweranso. Koma kuyambira masana palibe wandiyankhula. Ndikalowa kukhitchini kukatunga madzi nkhani imaduka. Anti a makanda maso ali psuu, anaitanidwa mu ofesi nawonso. Ndamva wina akuti, “A makoleji ndi choncho, amabwera foni ili m'manja.”

Lachitatu, 12 Juni

Poweruka ndinapita kuchipatala, osadziwa kuti ndikanena chiyani. Ndinafika mpaka pawindo la wodi ya ana. Dudu ali m'tulo, phazi litakulungidwa bandeji yaikulu kuposa mutu wake. Amake atagona pampando, khosi litapindika, akadali ndi nsapato za kuntchito. Kamayi atakhala kumapazi kwa bedi, tsonga, akuwalondera onse awiri.

Sindinalowe. Nthochi zimene ndinanyamula ndinapatsa mayi wina amene amadwazika mwana wake pakhonde. Anandithokoza ngati wachibale, ine n'kuthawa asanandifunse kuti wanga ali bedi liti.

Lachinayi, 13 Juni

Msomali wopachikapo chikwama cha Kamayi ulibe kanthu. Mwana wina anafunsa ngati wamwalira. Ndinati ayi, akudwazika mlongo wake. Ndinamuimbira wa magalasi, anati ana ali bwino, zambiri sanganene. Akawalanda, msomali umenewu ndiziuyang'ana bwanji?

Mandimu aja atsala awiri. Sindikuwadula.

Lachisanu, 14 Juni

Amadamu akuti kuyambira Lolemba ndizikagwira kuchipinda cha makanda, Anti a makanda atenge kalasi yanga. “Popeza makanda mumawakonda kwambiri.” Matewera ndiye chilango changa. Anati mwezi ukatha tidzakambirana ngati ndikuyenera kukhala pano. Ndinati zikomo. Ana anga ndinawatsanzika ngati ndikupita kunja, chonsecho ndi khonde lomweli.

Lamulungu, 16 Juni

Lero sindinayankhule ndi munthu, kupatula mphaka wa eni nyumba, ndipo nayenso anachoka ndili m'kati mofotokoza.

Lolemba, 17 Juni

Msana wanga! Makanda alibe ulemu. Uyu akugona, uyo walira, wadzutsa uyu, wachitatu waipitsa mpaka kukhosi. Kuyambira m'mawa sindinakhale pansi, tiyi ndamwa wozizira dzuwa litapendeka. Anti a makanda akhala m'chipinda chino okha zaka ndi zaka, popanda wowalandira ngakhale kuti akataye madzi. Sindikuti anachita bwino. Koma lero ndamvetsa momwe munthu amafikira pobwereka mwana wa zaka zinayi.

Ketulo ija inalidi pansi, chingwe chili lende pafupi ndi kabedi. Ndaikweza pashelefu. Kamayi ananena zoona, khandalo limakwawira kumeneko.

Ndawauza Amadamu kuti masana pakufunika munthu wondilandira kanthawi, monga ananenera wa magalasi. Anati amva. Amayang'ana khoma.

Lachitatu, 19 Juni

Abwera.

Ndimasintha thewera pamene ndinamva mawu a Amadamu m'khonde, otsekemera ngati akulandira alendo olemekezeka. Wa magalasi patsogolo, Amake pambuyo, Dudu m'manja, Kamayi atagwira nsonga ya siketi. Ana sanalandidwe. A ofesi akonza zoti Dudu azikhala pano masana, aziwayendera kunyumba, ndipo ayankhula kale ndi a kuntchito kwawo. Chipinda chija chinali chodzaza, lero malo apezeka. Dziko ili!

Ndinasamba m'manja msangamsanga n'kutambasula mikono kuti ndimulandire. Amake anandilambalala, anakamugoneka okha pakabedi, anakonza bulangeti. “Mwadzuka bwanji, aphunzitsi. Mankhwala opaka ali m'chikwama, m'mawa ndi masana.” Aphunzitsi. Ndinati ndadzuka bwino, mayi. Anatuluka. Zandipweteka, sindinama. Mawa m'basi ndikudziwa kale kuti ndiima.

Phazi laphwa, latsala bala lozungulira lomwe likuuma. Mwiniwake alibe nazo ntchito, wandikoka ndolo m'mawa wonse.

Masana, kukhitchini kutayamba kuseka, ndinaona mthunzi pakhomo. Kamayi, wopanda nsapato, wathawa pamatilesi. Sanalowe, akudziwa kuti analetsa. Anasuzumira mpaka anamuona Dudu ali m'tulo.

“Simunamumange?”

“Kuno sitimanga. Ndikumuyang'ana ineyo.”

“Mukafuna kukataya madzi?”

“Ndiitana munthu wamkulu, ayambe wafika.”

“Nanga kukadya?”

Ndinamulozera mbale yanga pawindo. “Ndimadyera pompano, ndinazolowera.”

Anaganiza kaye, ndi nkhope yake ya munthu wamkulu ija. Kenako anawerama, anatulutsa buledi m'sokosi, wokulunga m'kapepala, n'kundipatsira pakhomo pomwepo. “Akadzuka mumupatse. Simuchoka?”

“Sindichoka.”

Anabwerera kukalasi.

Patapita kanthawi kunabwera Anti a makanda, amene sanandiyankhule chiyambire sabata yatha. Tsopano ndi iwo amene amadyera pa kampando kanga kaja. Anaima pakhomo, diso lina lili kukalasi, akunong'ona. “Anti, tabwerani mudzaone. Wagona! Kamayi wagona, kukamwa kuli yasa, dovu pamatilesi ponse.”

Ndinadzuka, kenako ndinakhalanso pansi.

“Mundionere inuyo,” ndinatero. “Ine ndalonjeza kuti sindichoka.”